Ziwerengero za maukwati otha sizinena zonse

Achemwali, mwafunsa kuti n'chifukwa chiyani maukwati a ku America ndi ku Ulaya sachedwa kutha pamene a ku India ndi akwathu kuno amalimba. Mbali yachiwiriyo ndiye ndikuikana.

Ziwerengero zimene zimayenda pa intaneti zimangowerenga maukwati othetsedwa ndi pepala la boma. Choncho dziko limene malamulo ake amatseka khomo limaoneka ngati la mabanja amtendere. Ku Philippines mpaka lero kulibe lamulo losudzulana, kupatula kwa Asilamu. Anthu kumeneko amapatukana ndithu, ena mpaka kukayamba banja lina, koma m'kaundula akadali mwamuna ndi mkazi wake. Ku Ireland anachita kuponya voti mu 1995 kuti alole kusudzulana, Chile inalola mu 2004, Malta mu 2011. Kodi zaka zimenezi zisanafike kunalibe mabanja owawa? Analipo, kungoti kunalibe potulukira. Ku India nako mkazi wochoka pabanja amanyozedwa, ndipo makolo ake amakhala atalipira chuma chambiri pomukwatitsa, ndiye amangokhala.

Ku America chiwerengero chinakwera California itakhazikitsa mu 1969 lamulo lolola kuthetsa ukwati popanda kuloza wolakwa. Chinafika pachimake cha m'ma 1980, ndipo kuchokera apo chakhala chikutsika, mwa zina chifukwa anthu akulowa m'banja atakhwima. Dziko la China mu 2021 linaika masiku 30 oti anthu ayambe aganiza kaye asanasudzulane.

Tsono kwathu kuno. Kafukufuku amene anachitika ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi anapeza kuti maukwati amatha kwambiri, makamaka ku Balaka, kuposa madera ambiri a mu Africa. Ku Rumphi anali ochepa. Musafulumire kunena kuti akumpoto amakondana kuposa akummwera. Pa chikamwini munda ndi wa mkazi, nyumba ili pamudzi pa amayi ake, ana ndi a kuchikazi. Zikavuta, mwamuna amanyamula chikwama ndi njinga yake n'kumapita, mkazi mawa lake ali kumunda womwe uja. Kumene kuli lobola mkazi akafuna kuchoka amaganiza za ng'ombe zoti zibwezedwe, ndiponso za ana oti awasiye kuchimuna. Ndipo maukwati ambiri otere amathera pa mkeka, pamaso pa ankhoswe kapena amfumu, boma osadziwa n'komwe.

Zothetsa banja sizisiyana kwenikweni kulikonse: zibwenzi zamseri, nkhanza, mowa, ndalama. Kwathu onjezanipo kusabereka, komwe amakankhira mkazi asanapite n'kuchipatala komwe, ndi bambo wopita ku Joni amene miyezi yoyamba amatumiza ndalama ndi zithunzi pa WhatsApp, kenaka foni zii. Koma chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi atsikana okwatiwa ali ana. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti agwirizane nazo, koma m'midzi zikuchitikabe. Mwana wa zaka 15 banja alisunga bwanji?

Ine sindikondwera banja likatha, ana amavutika. Koma ndimamva chisoni ankhoswe akamauza mkazi wotupa diso kuti "banja ndi kupirira, bwererani." Ngati funso lanuli likuchokera m'nyumba mwanu ndipo muli kumenyedwa, lamulo loletsa nkhanza za m'banja lilipo kuyambira 2006, ndipo kupolisi kuli Victim Support Unit. Pitaniko, mutenge mbale wanu amene mumamukhulupirira.