Nyambo yopepuka siikoka ulusi wonenepa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Salima. Mkulu wake amene ali ku Joni anamutumizira reel (chipangizo chokulungira ulusi pa ndodo yowedzera nsomba) ya mtundu wa baitcaster, imene imakhala pamwamba pa ndodo, pamodzi ndi kabokosi ka nyambo zopanga, timasupuni tachitsulo ndi ma spinner (nyambo zokhala ndi kachitsulo kozungulira m'madzi) olemera magalamu 3 mpaka 5. Iye anakulungamo nayiloni ya 0.40 mm yogula pamsika. Tsopano akaponya, nyambo imangogwera pamapazi pake, ulusi n'kupiringidzana pa sipulu, kagudumu ka reel kamene ulusi umakulungidwapo. Akufunsa kuti: kodi vuto ndi manja anga kapena zida?

Achimwene, manja anu alibe mlandu. Mukaponya, ndodo imapereka mphamvu kamodzi kokha. Kuchokera pamenepo nyambo ndiyo imakoka ulusi wonse mlengalenga. Kasupuni ka magalamu 4 n'kopepuka ngati kandalama kachitsulo, ndiye mukukasenzetsa nayiloni yowedzera kampango. Ulusi wonenepawo umatuluka uli wopindikapindika monga unakhalira pa sipulu, umagunda m'timphete ta ndodo, mphepo nayo n'kuugwira. Kanyamboko kamatopa kasanapite n'komwe.

Baitcaster imawonjezera vutolo chifukwa sipulu yake imazungulira poponya. Nyambo yopepuka imavutika kuiyambitsa, ndipo ikayamba, nyambo imafooka m'mwamba sipulu ikadathamangabe. Ulusi umasowa kolowera, n'chifukwa chake mumakhala pansi kumasula mfundo anzanu akuwedza. Ma baitcaster wamba amafuna nyambo yoyambira magalamu 7 kapena 10 kupita m'mwamba. Alipo ena amene anatchuka ku Japan, otchedwa BFS, okhala ndi sipulu yopepuka kwambiri, koma ndi odula, ndipo munthu amene akuyamba kumene sindingamutumize kumeneko.

Chimene mukufuna ndi spinning reel, ija imalendewera kunsi kwa ndodo. Sipulu yake siizungulira poponya, ulusi umangosomphoka wokha. Saizi 1000, 2000 kapena 2500 zonse zimagwira, koma ine ndimakonda 2500. Sipulu yake ndi yotakata, choncho ulusi supindika kwambiri, komanso umakwana wambiri ngati nsomba yaikulu yathawa nawo. Simukufunika yamtengo wapatali. Zotsika mtengo za Shimano, monga Sienna, kapena za Daiwa zimakhala zaka ngati mukuzisamala kuti mchenga usalowemo. Musanalipire, pukusani chigwiriro mumve ngati sichikukhwekhwereza, ndipo gwirani ndi chala kagudumu kamene ulusi umadutsapo muone ngati kakuzungulira. Kakauma, kamapota ulusi ndi kuudya.

Tsopano ulusi, pamene pagona nkhani yonse.

Poyamba gulani nayiloni ya 0.18 kapena 0.20 mm, yopirira makilogalamu awiri kapena atatu. Ndikudziwa kuti mukaigwira mtima ukuuzani kuti imeneyi iduka. Tonse tinakula tikukhulupirira kuti ulusi wolimba ndi wonenepa. Koma nayiloni imatamuka, ndipo kutamukako kumakukhululukirani nsomba ikagwedeza mutu mwadzidzidzi. Mfundo zake sizivuta, mtengo wake ndi wabwino. Choipa chake n'chakuti dzuwa limaiwononga, ndiye musasiye ndodo padzuwa pakhonde, ndipo muzisintha ulusi ukayamba kuoneka wotuwa ndi wokhakhala.

Manja akazolowera, yesani braid, ulusi wolukidwa uja. Wolembedwa saizi ya PE 0.6 kapena 0.8 ndi wopyapyala pafupifupi 0.13 mpaka 0.15 mm, koma ndi wolimba kuposa nayiloni yonenepa chimodzimodzi. Sutamuka, choncho mumamva chilichonse. M'mawa wina ndinali pamiyala cha ku Senga Bay, madzi ali bata, usipa ukudumphadumpha chifukwa cha ncheni. Ndinaponya kasupuni koyera ka magalamu 5, ndipo ndinkamva m'zala momwe kankagwedezekera pobwera. Kenako kugwedezekako kunangoti zii kwa kamphindi. Sikunali kukoka ayi, nsomba inali itakatenga kuchokera kumbuyo ikubwera nako kwa ine. Ndikanakhala ndi nayiloni sindikanadziwa.

Koma braid ili ndi makhalidwe ake. Ikakhula pamwala imaduka msanga. Nthawi ya mwera, mukaponya moyang'anana ndi mphepo, imamanga timfundo tovuta kumasula. Ndipo madzi a nyanja yathu ndi oyera, nsomba imauona ulusiwo. N'chifukwa chake kumapeto kwake timalumikizako ulusi wina wotchedwa fluorocarbon, wotalika ngati mita imodzi, wa 0.20 mpaka 0.25 mm, pomanga mfundo yotchedwa double uni. Fluorocarbon saoneka kwambiri m'madzi ndipo amapirira miyala ndi mano a ncheni. Musadzaze naye sipulu yonse, ndi wouma, amadumpha yekha pa reel yaing'ono. Nyowetsani mfundo ndi malovu musanaikoke.

Pokulunga, dzazani mpaka patsale mamilimita awiri kuti mufike pamlomo wa sipulu. Ukachepa, ulusi umakhula pamlomopo n'kukubwezani mtunda. Ukasefukira, umatuluka mulu umodzi. Ngati ndi braid, yambani mwakulunga nayiloni pang'ono pansi, apo ayi ulusi wonse uzidzangozungulira pa sipulu nsomba ikakoka. Mukaponya, tsekani kawaya ka reel, kaja mumatsegula poponya, ndi dzanja, osati ndi chigwiriro, n'kukokako ulusi pang'ono kuti uwongoke. Ma spinner a mtundu wa Mepps, amene anayambira ku France mu 1938, amagwira nsomba bwino koma amapota ulusi, ndiye ikani swivel yaing'ono, kachitsulo kozungulira koletsa ulusi kupotana, patsogolo pake.

Chinthu chimene chimapangitsa ulusi wopyapyala kugonjetsa nsomba yaikulu ndi drag, kachopukusa kali pamwamba pa sipulu. Ine ndinaphunzira mowawa. Mpasa wanga woyamba ku mtsinje wa Bua ndinautaya chifukwa ndinali nditamanga drag mpaka kumapeto poopa kuti nsomba ithawa. Unangothamanga kamodzi, ulusi n'kuti thapu, ndipo ndinatsala ndili njenjenje ndi ndodo yopanda kanthu. Drag iyenera kuyamba kulola ulusi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya ulusiwo. Simukufunika sikelo. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Ngati ulusi wanu ndi wa makilogalamu atatu, umangirireni ku botolo la lita imodzi lodzaza madzi, gwirani reel m'manja n'kunyamula pang'onopang'ono, ndipo masulani drag mpaka ulusi uyambe kutuluka botolo likungonyamuka pansi.

Ndodo nayo muyang'ane zimene zalembedwa pamwamba pa chigwiriro. Ikhale yolembedwa magalamu 2 mpaka 10 kapena pafupi ndi pamenepo, yotalika mamita 1.8 mpaka 2.1, nsonga yake yofewa. Ndodo youma siipinda ndi nyambo yaing'ono, ndiye siiponya.

Baitcaster ya akuluwo musaitaye kapena kuigulitsa. Isungeni bwino mu nsalu. Tsiku limene mudzapite kumunsi kwa mathithi a Kapichira kukafuna tigerfish, nsomba ya mano akuthwa ya mu Shire, ndi nyambo za magalamu 20 ndi kawaya kumapeto kwa ulusi, mudzaifuna.