Za ulendo wa ku Wudang: munthu wolonjeza kukukonzerani zonse mukaneni

Achemwali, mwafunsa za ulendo wanu wa ku Wudang, phiri lina la ku China lokhala ndi akachisi ambiri. Pitani ndithu, koma munthu amene wakulonjezani pa WeChat (pulogalamu ya pa foni yotumizirana mauthenga) kuti akakuchingamirani pa siteshoni ndi kukuonetsani phiri lonse pa tsiku limodzi, mukaneni lero lomwe. Ine ndinapitako mu Novembala 2023 pamodzi ndi anzanga awiri a pa sukulu kuno ku Wuhan, ndipo nditawerenga funso lanu mtima unandigunda monga unagundira usiku umene tinkatsika phiri lija mumdima.

Titatsika sitima pa siteshoni ya Wudangshan West m'mawa, tinakumana ndi bambo wina wovala bwino, wolankhula Chingerezi pang'ono, amene anati ndi wotsogolera alendo. Anatilipiritsa ndalama zambiri ponena kuti zikukwanira tikiti yolowera, mabasi a m'phiri ndiponso kagalimoto koyenda pa chingwe kotitsitsa kuchokera pa nsonga. Tisanafike n'komwe pa chipata, anatilowetsa m'sitolo ya mnzake ndi kutiuza kuti palibe amene amaloledwa m'kachisi wa chipembedzo cha Chitao wopanda mtolo waukulu wa lubani. Linali bodza lamkunkhuniza, pakuti m'kachisi aliyense tinaona anthu akulowa chimanjamanja, ndipo ofukizawo ankayatsa timitengo titatu basi. Maola awiri anathera m'sitolo imeneyo, ndipo maola amenewo ndi amene anadzatisowa madzulo.

Pa kachisi wa Zixiao, amene anamangidwanso mu 1413 ndipo ansembe amakhalamo ndi kupembedzamo mpaka lero, bambo uja anatipatsa mphindi makumi awiri zokha. Chimenechi chimandipweteka kwambiri, chifukwa tinafika ansembe akuimba, denga la matailosi obiriwira likuonekera m'nkhungu, ana asukulu za masewero a nkhonya akuchita taichi pa bwalo, koma iye ankangotikodola kuti basi ikutisiya. Ku Nanyan, kumene kachisi wa miyala anamatiridwa pa therezi ngati chisa cha namzeze, sanatifotokozere ngakhale za mwala wosemedwa ngati mutu wa chinjoka umene unatulukira pamwamba pa phompho pafupifupi mamita atatu. Ndinadzawerenga pambuyo pake kuti kale anthu ankayenda pa mwalawo kukayatsa lubani kunsonga kwake, ambiri n'kugwera pansi, mpaka mchitidwewo unaletsedwa. Pamenepo ndi pamene anatiuza kuti ife tikwere ndi miyendo, iye adzera njira ina ndipo tikamupeza pamwamba ali ndi matikiti athu otsikira.

Tinakwera maola anayi. Ine ndinakwerapo Mulanje, choncho ndinkayesa kuti phiri la mamita 1,612 silingandivute, koma masitepe a miyala a njira yakale ya mafumu a ku China a banja la Ming, odutsa pa zipata zitatu zotchedwa zipata za kumwamba, ndi ena ndithu, pakuti malo ena munthu umachita kugwira unyolo ndi manja onse awiri. Pa Tianzhu, nsonga yaitali kwambiri ya phirilo, tinaima pa mzere wautali kuti tione Jindian, kanyumba ka mkuwa kokutidwa ndi golide kamene kanaikidwa pamenepo mu 1416 molamulidwa ndi mfumu Yongle. Zigawo zake zinasulidwa ku Beijing, n'kubwera pa madzi, kenako anthu n'kuzisenza kukwera nazo masitepe omwewo amene ife tinkalira nawo titangonyamula tizikwama. M'katimo muli fano la Zhenwu, mulungu amene phiri lonseli linaperekedwa kwa iye, litakhala pa mpando, tsitsi lomasula, mapazi opanda nsapato. Ine ndine Mkhristu ndipo sindinagwade, komabe nditaona mayi wina wokalamba amene anakwera njira yonse ndi ndodo akugwada pa mwala wozizira, misozi ili mbwembwembwe, ndinakhala chete ndi ulemu.

Titamaliza, bambo uja kunalibe. Foni yake inalira kawiri, kachitatu inali yozimitsa. Tinathamangira kumene kagalimoto ka pa chingwe kamanyamukira, tinapeza atatseka kale, ndipo mlonda anangotilozera njira ndi dzanja. Dzuwa linali litalowa, nkhungu inabwera mwadzidzidzi moti sitinkatha kuona masitepe asanu patsogolo pathu, ndipo mphepo inali yolasa m'mafupa chifukwa majuzi athu anali atanyowa ndi thukuta. Mafoni awiri anali atazima ndi kuzizira, yanga inali itatsala pang'ono, ndipo ndiyo inali tochi yathu tonse atatu. Tisanafike pa chipata chachiwiri, mnzanga wamkazi anaterereka pa mwala wonyowa, bondo n'kubinya, ndipo anakhala pansi n'kunena kuti timusiye pomwepo tikaitane anthu. Mawu amenewo sindidzawaiwala. Kumanzere kwathu kunali phompho limene sitinkaliona koma tinkalimva ndi mphepo yochokera pansi, ndipo ine ndinkangoganiza za mayi anga ku Dedza, kuti uthenga wotere angawauze ndani, ndipo m'chinenero chanji. Tinamugwira uku ndi uku, kutsika sitepe imodzi, kupuma, kutsikanso ina, wina akupemphera mokweza, mpaka manja anga anachita dzanzi pa unyolo.

Amene anatipulumutsa ndi wansembe wina wokalamba pafupi ndi kachisi wa Chaotian, amene anamva mawu athu n'kutuluka ndi nyali. Sitinkamvana chinenero kwenikweni, koma anatikhazika pansi, kutipatsa madzi otentha, kumanga bondo la mnzanga ndi nsalu, kenako n'kuitana pa foni amuna awiri mwa aja onyamula anthu pa mpando wa nsungwi. Wansembeyo ndalama anakana ngakhale tinamuumiriza. Tinafika ku Nanyan usiku kwambiri, mabasi atasiya kale kuyenda, ndipo tinagona m'nyumba ya alendo ya pomwepo ndi ndalama zimene tinasungira chakudya cha mwezi.

Bambo uja ndikamukumbukira ndimapsa mtima mpaka pano. Kutibera ndalama ndikanakhululuka, koma iye ankadziwa bwino nthawi imene kagalimoto kamatsekera, ankadziwa kuti ndife alendo osadziwa njira, anaona nsapato zimene mnzanga anavala, ndipo anatitumiza pamwamba dala kuti apeze mpata wothawa. Malo amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1994, malo amene anthu amapita kukafuna mtendere wa mumtima, iye anawasandutsa msampha wa ana a eni ake.

Tsono inu matikiti gulani nokha pa chipata kapena pa foni, pasipoti ili m'manja, chifukwa mabasi a m'phiri ndi osavuta kuwatsata ndipo wotsogolera simukumufuna. Komabe musapite popanda munthu wodziwa Chitchaina bwino, ndipo ngati m'gulu lanu mulibe, funsani ku ofesi ya alendo ya pa chipata kuti akupatseni wovomerezeka. Tchuthi cha pa 1 mpaka 7 Okutobala chipeweni, pakuti anthu amachuluka koopsa. Patulani masiku awiri, mugone ku Nanyan, ndipo mufunse nthawi yotsekera kagalimoto musanayambe kukwera. Mukamalowa m'kachisi musaponde thabwa la pakhomo koma mulidumphe, mafano a m'kati musawajambule, ndipo muvale zofunda ngakhale pansi kukutentha. Za kukwera, ngakhale zinatichitikira zimenezi, ndikukulangizani kuti mukwere ndi miyendo pa njira yakale ija, chifukwa wofika pa Jindian ndi kagalimoto saona chimene anthu aja anasenza. Ingonyamukani mbandakucha, mutenge chotchajira foni, ndipo pofika 2 koloko masana mukhale mutayamba kutsika.