Azakhali, mwanayo sanathamangitsidwe sukulu

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona, koma ndati ndingoyankha pakamwa, kulemba kundichedwetsa. Mwati mdzukulu wanu wabwera masana akuti aphunzitsi awapanga dismiss, inu mtima wangoti myuu, poti pa wailesi mawu amenewa mumawamva munthu akachotsedwa ntchito. Ayi, mtima pansi. Angoweruka basi, mawa apite kusukulu.

Mawuwo ndi amodzi omwewo, kungoti amayenda malo ambiri. Kwawo ndi ku Chilatini, dimittere. Mittere ndi kutumiza, kapena kulola chinthu kuti chipite, ndipo kachidutswa kakutsogoloko kamanena za kumwazikana, uyu uku, uyu uko. Mukaziphatikiza, ndi kuuza anthu kuti basi, balalikani. M'Chingerezi analowa m'zaka za m'ma 1400.

Ndiye mphunzitsi akatero, ana aweruka. Mkulu wa asilikali akatero pa perete, mzere uphwasuke. Bwana akatero kwa wantchito, eee, pamenepo ndiye pali misozi, ntchito yatha. Woweruza akatero, sakuthamangitsa munthu ayi, akutaya mlanduwo, ndiye wodandaula ndi amene amabwerako nkhope ili gwa. Ngakhale maganizo, munthu akangowakankhira kumbali osawalabadira, mawu ake ndi omwewa. Choncho muzimvetsera kuti chikuuzidwa kuti chipite n'chiyani, ana, wantchito kapena mlandu.

Koma chimene chimandisangalatsa ine, azakhali, inu a Katolika mawuwa mwakhala nawo kuyambira kale osadziwa. Pa Misa ya Chilatini wansembe potsiriza ankati Ite, missa est, kuuza mpingo kuti pitani. Dzina loti Misa linachokera pomwepo, pa kubalalitsa anthu kumapeto! Mishoni nayonso ndi mbumba yomweyo, anthu otumidwa. Nkhalamba Simeoni ija, itanyamula Yesu wakhanda m'kachisi, pa Luka 2:29, mawu ake oyamba m'Chilatini ndi Nunc dimittis, tsopano mukulola kapolo wanu apite mumtendere. Ndipo mu Atate Athu, pamene ife timati mutikhululukire, Chilatini chimati dimitte nobis, ngati kunena kuti ngongole zathuzo zisiyeni zipite. Taonani, mawu okhululukira machimo ndi omwe lero akulembedwa m'kalata yochotsera munthu ntchito. Mzungu anatengako mbali yowawayo, ya chikhululukiroyo anaisiya m'tchalitchi.

Foni yatsala pang'ono kuzima, magetsi kulibe kuno. Mundiperekere moni kwa onse, ndipo mwanayo mumuone m'chikwama, kuweruka msanga nthawi zambiri kumabwera ndi homuweki.