Jekete ya A-2 ikundithera pa lamba, kodi andipusitsa?

Funso: Achimwene, ndagula jekete yachikopa pa salaula ku Soweto Market, wogulitsa akuti ndi zija za oyendetsa ndege zankhondo ku America. Palebulo alemba A-2 saizi 42, ine ndimavala 40 koma ikungothera pa lamba komanso m'khwapa ikundigwira. Andipusitsa kapena? Wowerenga wa ku Chilenje.

Yankho: Pa kufupikako ayi sanakupusitseni bambo, A-2 ndi mmene anaipangira. Asilikali a ku America anaivomereza mu 1931 ndipo ankasokera munthu wokhala pampando wothina mu ndege, ikanakhala yaitali bwenzi ikungokwinyika pamimba, komanso mathalauza a nthawi imeneyo ankafika pamchombo osati majinzi athuwa ofuna kugwa. Valani thalauza lokwera muone, nkhani ya lamba ithera pompo.

Koma 42 yo musaikhulupirire kwambiri. Pankhondo yachiwiri ya padziko lonse majeketewa ankasokedwa ndi makampani angapo, Rough Wear, Aero Leather, Dubow ndi ena, aliyense ndi kadulidwe kake ndiye 42 ya uyu siifanana ndi ya uyo, kuwonjezera apo chikopa chikanyowa n'kuuma molakwika chimakhwinyata. Ine ku salaula sindipita opanda tepi ya telala m'thumba, anyamata amandiseka koma nanga ndalama ndi zawo?

Chitani chonchi. Tsekani zipi, yalani jekete patebulo, yezani kuchoka kukhwapa ili kufika linalo kenako chulukitsani kawiri. Chifuwa chanu ngati ndi mainchesi 40, jekete ikhale 43 kapena 44, ndiye kuti khwapa ndi khwapa ndi cha m'ma 22, pafupifupi masentimita 56. Kugwira pang'ono m'khwapa si vuto, mabowo a manja anawaika m'mwamba dala. Vuto ndi mapewa. Tambasulani manja ngati mwagwira chiwongolero cha minibasi, ikakukokani kumsana mpaka manja a jekete kuthawira m'mwamba ndiye kuti si yanu, gulitsani basi. Telala wa ku Kamwala atha kukusinthirani zipi kapena kansalu koluka ka m'chiuno ndi kumanja kakadyedwa, koma mapewa sangawonjezere, ndipo singano ikaboola chikopa bowolo silitsekeka. Zoinyika m'madzi kuti itanuke zija ndakana, muiononga.

Ngati muli ndi mapewa a ku jimu sakani G-1, ya asilikali apamadzi, yachikopa cha mbuzi yokhala ndi kolala yaubweya. Ija ili ndi mapindo kumsana amene amatseguka mukatambasula manja, pomwe msana wa A-2 ndi chikopa chimodzi chosapinda. B-3 yankhosa ija isiyeni, anapangira anthu ozizidwa m'ndege zoponya mabomba, kuno mungaivale mwina m'mawa wa Julayi wokha.

Zoti yanuyo inaona nkhondo, mmm, ndikukayika. A-2 zakale anasiya kuitanitsa cha m'ma 1943, mu 1988 asilikali a ndege anaibweretsanso yotakasukirapo, ndipo zokopera ndi mbwee. Pisani manja m'mbali, ngati muli matumba ofunditsira manja si yankhondo imeneyo, yeniyeni ili ndi matumba awiri akutsogolo okhala ndi zivindikiro basi. Munditumizire muyeso wa mapewa ndi chithunzi cha lebulo tione.