Swichi ya pakhoma inandinamiza

Achimwene, mwafunsa momwe mungatsitsire fani ya kudenga musanasamuke, koma musakwere kaye pampandopo. Ndaona anthu ena pokuyankhani akukuuzani kuti ingozimitsani swichi ya pakhoma, mumasule mabawuti, fani itsika yokha musanasamuke. Thupi langa lachita tsembwe. Maganizo omwewo ndi amene anandiveka chikhakha masabata 6, ndipo mpaka lero dzanja lamanjali silinyamula ndowa yodzaza.

Ine kwathu ndi ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, ndipo nonse a ku Angónia mukudziwa kuti kumtunda kuja fani sitiiganizira n'komwe, mu Juni timafunda mabulangete awiri. Nditatsikira ku Moatize kudzagwira ntchito, Okutobala woyamba ndinkaona ngati ndifa. Kutentha kopitirira madigiri 40, nyumba yamalata, usiku khoma likubweza moto wonse womwe lamwa masana. Mwana anali wakhanda, khosi lonse totupa tokhatokha. Ndinakwera chapa, minibasi ya kuno, kuwoloka mlatho wa Samora Machel, kukagula fani ya kudenga mumzinda wa Tete, ija amati ventoinha m'masitolomo. Ndalama zanga, thukuta langa. Mwini nyumba anati m'nyumba mwake simulowa wamagetsi wachilendo, atumiza mesitiri wake. Ndinavomera, ndinamulipiranso ine.

Patatha zaka ziwiri tikusamukira ku Matundo, dera la mumzinda wa Tete, bambo uja akuti fani itsale chifukwa yamera padenga lake. Ndinamuonetsa lisiti, anangotembenuka. Tsono nyumba zija ndi zitseko zitatu pa mita imodzi ya Credelec, ija yolipiriratu magetsi, ndipo bokosi lozimitsira magetsi lili m'nyumba mwake. Loweruka lomwe galimoto yonyamula katundu imabwera, iye anakhoma chitseko m'mamawa n'kuchoka, foni osayankha. Ndikhulupirira mpaka pano kuti anachitira dala.

Ndiye ndinati swichi ilipo, vuto n'chiyani. Ndinazimitsa, fani inaima. Ndinakoka tebulo, kusanjikapo mpando, mayi a kunyumba agwira miyendo ya mpandowo. Inali cha m'ma 11 koloko, malata akuchita kulira ndi dzuwa, manja anga ali noninoni ndi thukuta. Nditatsitsa kambale kaja kobisa mawaya, fumbi lakuda la malasha linandithira m'maso, a ku Moatize mukulidziwa fumbi limenelo. Dzanja lamanzere ndagwira chitsulo chomwe fani imalendewerapo, lamanja ndikumatula tepi, tepi yake yosungunuka ngati phula. Chala chinangokhudza waya wamkati.

Abale inu. Sindinakuwe, mawu sanatuluke. Dzanja lamanzere linafumbata chitsulo lokha, ndikufuna kusiya koma likukana, nsagwada zalumana, m'kamwa mukumveka ngati ndatafuna ndalama yachitsulo, m'chifuwa ngati wina akundipondaponda ndi nsapato. Denga lija mitanda yake inali yachitsulo, choncho moto unalowera dzanja ili n'kutulukira linalo, kudutsa pamtima penipeni. Mwina anali masekondi awiri, sindikudziwa. Chomwe chinandipulumutsa ndi chakuti mawondo anafooka, mpando n'kupendekeka, kulemera kwanga n'kundizula. Koma ndinatsika nayo fani yonse. Mesitiri uja pamalo pa bawuti ndi kapini kake anangolowetsa msomali wopinda, ndipo msomaliwo unasololoka. Ine pansi, dzanja lamanja kutsogolo, ndinamva kuti thyo. Phiko limodzi linacheka mayi a kunyumba pamkono. Injini ya fani inamenya simenti n'kuikumba, pamalo enieni pomwe mwana wathu anakhala akudya mango ndisanamuthamangitsire pakhomo. Ndikamalemba izi ndikuliona bowo lija, ndi nthangala ya mango ili pambali pake.

Kuchipatala anandigoneka tsiku limodzi akuyang'ana mtima, kenaka chikhakha. Nditatuluka, mnzanga wina wa kutchalitchi yemwe anaphunzira zamagetsi anapita kukaona ndi tesita, kachipangizo kamene kamayaka kakakhudza waya wamoto. Swichi ili chozimitsa, tesita ikuyaka ndithu padenga! Anandifotokozera kuti swichi imayenera kudula waya wamoto. Mesitiri uja anaiika pa waya wobwerera, uja amati nyutirali, wamoto n'kuupititsa molunjika ku fani. Ukazimitsa, fani imaima bwinobwino chifukwa njira yaduka, koma mavolti 220 ali phee pamwambapo kudikira chala cha munthu. Zaka ziwiri takhala tikugona pansi pa msampha umenewo, pansi pa chitsulo cholendewera pa msomali, chikuzungulira pamwamba pa mwana usiku uliwonse.

Ndipo mukudziwa zomwe mwini nyumba ananena atabwera? Sanafunse za dzanja, sanafunse za bala la mayi. Anawerama n'kuloza simenti, akuti mwandiwonongera pansi, ndidula pa ndalama yanu ya chikole. Anadulanso ndithu. Munthu wamkulu, wa imvi, yemwe ndinkamutchula kuti bambo, yemwe tinkamupatsa mbatata ya kachewere tikachokera kumudzi. Mesitiriyo ndinakumana naye pamsika, akuti iye amalumikiza chonchi tsiku ndi tsiku ndipo palibe anafapo. Palibe anafapo! Kodi mpaka maliro achitike ndiye adziwe kuti akulakwa? Anthu otere akuyenda ndi pulayala m'thumba m'mabwalo onsewa, akulowa m'nyumba momwe muli ana, ndipo zimandiwawa kwambiri kuti sindinathe kumuletsa.

Tsono langizo langa ndi lakuti musaigwire nokha, itanani wamagetsi. Koma osati aliyense wongoti ndine mesitiri, mwaona zomwe anandichita ine. Akafika muyang'aneni: akapanda kufunsa kuti bokosi lozimitsira lili kuti, akapanda kutulutsa tesita, mubwezeni pakhomo pomwepo. Koma mukasankha kuichita nokha, kunena zoona ntchitoyi si yovuta mukasamala, fani ya ku Matundo kuno ndinaitsitsa ndekha mwezi wathawu kuti ndisinthe kapasita, kabokosi kakang'ono ka pafupi ndi injini, sizinanditengere theka la ola. Chachikulu zimitsani pa bokosi lalikulu, nyumba yonse ide, firiji ingopirira kanthawi. Uzani aliyense kuti asayatse, kapena ikani munthu aime pomwepo. Tesita muiyese kaye pa soketi magetsi asanazime kuti mutsimikize kuti imayaka, kenaka mukazimitsa mukhudze nayo waya uliwonse padenga, umodziumodzi. Mitundu ya mawaya musaikhulupirire. Mwa lamulo wabulawuni ndiye wamoto, wabuluu wobwerera, wobiriwira wosakaniza chikasu wa pansi, ndipo nyumba zakale mupeza wofiira ndi wakuda, koma kwathu kuja munthu uja anangogwiritsa ntchito zidutswa zomwe zinali m'chikwama chake.

Yambani ndi mapiko, mumasule limodzilimodzi, musawapinde chifukwa phiko likapindika pang'ono fani imayamba kugwedezeka kunyumba yatsopano. Kapasita, kabokosi kakang'ono kaja ka pafupi ndi injini, imatha kusunga moto pang'ono ngakhale mwazimitsa, musagwire nsonga zake. Jambulani mawaya ndi foni musanawamasule. Injini ndi yolemera kuposa momwe imaonekera muli pansi, ndiye wina aigwire ndi manja awiri pamene inu mukuzula kapini ndi bawuti. Makwerero bwerekani, za mpando pa tebulo ayi. Ana atuluke panja, chitseko chitsekedwe. Mawaya otsala padenga muwatsekere mu konekita, uliwonse pawokha, chifukwa tepi yokha ndi kutentha kwa kuno imamatuka, ndipo kubwera banja lina m'nyumbamo. Musaiwale kabokosi ka pakhoma kosinthira liwiro, nako ndi kanu, nako kali ndi moto.

Mayi a kunyumba muwauziretu: zikavuta asakugwireni ndi manja, athamangire kozimitsira kapena akukankheni ndi mtengo wouma. Ndipo magetsi akakugwirani n'kudutsa pachifuwa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale mukumva bwino.

Ngati mwini nyumba wanu ali ngati wanga uja, wosunga makiyi a magetsi, isiyeni faniyo, mtengo wake sufika pa zomwe ndinawononga ine kuchipatala ndi masabata osagwira ntchito. Komabe ine ndikanati ndibwerere tsiku lija sindikanamusiyira, ndikanakhala pakhomo pake mpaka usiku kumudikira atsegule, galimoto ipite ibwerenso mawa. Tandiuzani, achimwene, mita ndi yanu nokha kapena mukugawana, ndipo bokosi lozimitsira lili m'nyumba mwa ndani? Tesita ngati mulibe ndikubwereketsani yanga, ndili ku Matundo.