Kodi injini ya njinga yamoto ingaulutse ndege? Yankho kwa mmisiri wa ku Kasungu

Talandira imelo kuchokera kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo pa boma la Kasungu. Akuti wamanga kale thupi la ndege ya munthu mmodzi ndi masikweya chubu a ku hadiweya, mapiko wawakuta ndi malata, ndipo injini ndi ya njinga yamoto ya 150cc. Akufunsa ngati idzauluke, komanso ngati angaiyesere padambo kapena pabwalo la mpira.

Achimwene, tikuuzeni mosapsatira: mmene mwaifotokozeramu siuluka, ndipo itati yangodzuka pang'ono, ndi pomwe tingakuopereni kwambiri. Luso muli nalo, ndipo kwanuko ndi komwe William Kamkwamba adapanga makina amphepo a magetsi ndi zitsulo zotola. Koma makina amphepo akagwa sagwa ndi munthu.

Tiyambe ndi masamu. Zenith CH 701, ndege ya anthu awiri yomwe anthu ambiri amamanga okha kunyumba, imalemera makilogalamu 500 ikadzaza, ndipo kawirikawiri imaikidwa injini ya Rotax 912 ya mphamvu ya mahosipawa 80. Apa ndiye kuti hosipawa imodzi ikukoka makilo 6. Ngakhale titakulolani makilo 10 pa hosipawa, injini yanu ya mahosipawa pafupifupi 12 ingakwanitse makilo 120 okha, kuphatikizapo inuyo ndi petulo. Kwezani ndege yanuyo pa sikelo ya fodya muone.

Komanso Kasungu ndi pamtunda, kupitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Masana a Okutobala kukatentha kufika madigiri 32, mpweya umapepuka ngati muli pa mamita 1,900. Injini imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zake, mapiko nawo sagwira bwino mpweya, ndiye ndege imathamanga mtunda wautali isanadzuke. Bwalo la mpira limatha musanachoke pansi. Padambo pali zulu ndi mapazi a ng'ombe owuma, zomwe zimathyola mwendo wa ndege.

Chifukwa cha kulemera, omanga ndege sagwiritsa ntchito chitsulo cha mageti ndi mabagala. Amagula machubu opyapyala a chitsulo cha mtundu wa 4130 kapena aluminiyamu wa 6061-T6, ndi mabawuti opangira ndege otchedwa AN omwe nati yake imatsekedwa ndi pini kapena waya kuti isamasuke ndi kunjenjemera. Langizo lathu ndi lakuti mugule mapulani a ndege yomwe yauluka kale kwa zaka zambiri, muwatsate osasinthako kanthu. Thupi mwamangalo lisungeni, lakuphunzitsani zambiri, koma musalikwere.

Ndege yoyenera ikatha kumangidwa, ntchito yaikulu ili pansi pomwe. Ngati mapiko mwawasintha kapena mwawapanga mwa nzeru zanu, atembenuzeni chagada pa timiyendo tolimba, muwasanjike timatumba ta mchenga ta makilo 10, tambiri kufupi ndi thupi, tochepa kunsonga. Ndege wamba imayenera kupirira kulemera kwake kuchulukitsa ka 3.8. Ya makilo 500 ndiye kuti makilo 1,900, ngati matumba 38 a chimanga. Mukachotsa mchenga, phiko libwerere pomwe linali. Likakhala lopindika, kapena marivete akaonetsa makwinya m'mbali, phikolo lalephera.

Kenako pezani pamene ndege imakhazikika kulemera kwake. Iikeni molingana, sikelo pansi pa tayala lililonse, chulukitsani makilo a tayala lililonse ndi mtunda wake kuchokera pa mzere umodzi womwe mwasankha, phatikizani, mugawe ndi kulemera konse. Werengeraninso woyendetsa ali mkati, thanki yodzaza komanso yotsala pang'ono kuuma. Malowo agwere mkati mwa malire olembedwa m'mapulani, omwe pa mapiko ambiri amakhala chapafupi ndi kota ya mulifupi mwa phiko kuchokera kutsogolo. Ndege yolemera kumchira imadzutsa mphuno yokha ikangonyamuka, liwiro nkutha, nkugwa woyendetsa akukankha ndodo yowongolera ndege mpaka pothera. Vuto limeneli lapha omanga ambiri.

Mafuta nawo amagwetsa ndege zatsopano kawirikawiri. Kwezani mphuno ya ndege ngati mmene imakhalira ikamakwera, chotsani paipi pa kabuleta, muthire mu ndowa mukuwerenga nthawi. Ngati petulo amatsika yekha, atuluke kamodzi ndi theka kuposa zomwe injini imamwa ikatsegulidwa yonse: injini yomwa malita 24 pa ola ikufuna malita 36, kutanthauza malita atatu pa mphindi zisanu. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol, yemwe amakoka madzi ndi kudya mapaipi ena a labala, ndipo Rotax amalola mpaka 10 peresenti basi. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu musayerekeze. Yang'ananinso kabowo kopumira thanki ndi kachubu koyezera liwiro, chifukwa mavu omanga ndi dothi amatseka timabowo totere tsiku limodzi. Pulopela ya thabwa imafota m'chilimwe, mabawuti nkukhwefuka, choncho muziwayeza nyengo ikasintha.

Musanagubuduze, khalani pampando, wina aime kumbuyo. Mukapendeketsa ndodo kumanja, kachipiko ka kumapeto kwa phiko lamanja kadzuke, ka lamanzere katsike. Mukakokera ndodo kwa inu, ka kumchira kadzuke. Zingwe zolumikizidwa mosemphana zimaoneka bwinobwino mpaka ndege ili m'mwamba.

Za malo, lemberani akuluakulu oyang'anira za ndege ku Lilongwe musanagule nkomwe zipangizo, kuti aziona ntchito ikuyenda. Ndege ya ku Malawi imalembetsedwa ndi nambala yoyamba ndi 7Q, ndipo woyendetsa amafunika laisensi. Bwalo la ndege la Kasungu lilipo, koma mu 2017 dera lozungulira bwalolo lidapatulidwa kuti aziyeserako madroni, ndiye simungangofikapo popanda chilolezo.

Ulendo woyamba musauluke ndinu. Tikudziwa kuti zimenezi nzowawa kwa munthu amene wathera zaka pa ntchitoyo, koma pezani woyendetsa wodziwa ndege za mtundu womwewo. Anyamuke yekha, m'mamawa mphepo ndi akamvuluvulu zisanayambe, chikhamu cha anthu chili kutali. Akwere mozungulira pamwamba pa bwalo pomwepo, aone kutentha kwa injini ndi mphamvu ya oyilo, achepetse liwiro ali pamwamba kuti adziwe pomwe mapiko amayamba kusiya kunyamula ndege, ndipo potera abwere ndi liwiro loposa pamenepo ka 1.3. Injini ikazima atangonyamuka, atsitse mphuno ndi kutera kutsogolo komweko, osakhotera kubwalo. Theka la ola nlokwanira. Akatera, vundukulani injini, fufuzani podontha ndi pomasuka, mulembe zonse m'buku. Ku America ndege yotere nthawi zambiri imayesedwa maola 40, kapena 25 ngati injini ndi pulopela zili zovomerezeka kale, isananyamule munthu wachiwiri. Inunso musachepetse pamenepo.