Apolisi akulemberani mlandu pamsewu: kodi loya akufunika?

Dalaivala wina wa ku Nchalo wafunsa nkhani iyi. Apolisi a pamsewu adamuimitsa pafupi ndi Thabwa akuchokera ku Blantyre, nkumuuza kuti amathamangitsa galimoto. Iye akuti sizoona, ndipo akufunsa ngati alembe loya.

Bambo, choyamba musathamangire kulipira ngati mukukana mlandu. Ndalama ya chindapusa mukangoipereka, zimatengedwa kuti mwavomera, ndipo kudzatsutsa pambuyo kumavuta kwambiri. Auzeni mwaulemu kuti simukuvomera ndipo mukufuna nkhaniyo ipite kubwalo la majisitireti, pano ndi la ku Chikwawa kapena la pafupi ndi pomwe munaimitsidwa. Pemphani akuonetseni nambala yomwe makina awo awerenga. Lembani tsiku, nthawi, malo enieni, nambala ya wapolisiyo, ndi mayina a anthu amene anali m'galimoto. Kukangana nawo pamsewu sikupindula kanthu. Kumangowonjezera mlandu wina.

Kukhoti, gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati ndinu wosalakwa kufikira boma litapereka umboni wokwanira. Wozenga mlandu, amene nthawi zambiri ndi wapolisi, ndiye ayenera kutsimikiza. Inu muli ndi ufulu womufunsa mboni mafunso: makinawo adaloza galimoto iti? Chikwangwani cha liwiro chinalipo, chooneka? Mukaluza mutha kuchita apilo ku Khoti Lalikulu. Koma dziwani kuti majisitireti samangika ndi chindapusa cha pamsewu chija, chilango chake chitha kukwera.

Za loyazo ndinena mosabisa. Pa mlandu wa liwiro, lamba, kapena COF yotha (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu), loya ndi kutaya ndalama. Maloya ambiri ali ku Blantyre. Mafuta oti atsikire kuno ku chigwa, kuphatikizapo malipiro ake, apitirira chindapusacho kutali. Mlandu wotere mutha kudziyankhulira nokha m'Chichewa, khoti lili ndi womasulira. Werengeraninso masiku a ntchito amene mudzataye, poti milandu imaimitsidwaimitsidwa. Ngati mumtima mukudziwa kuti phazi linalemera potsika phiri lija, lipirani, koma mulandire GR, lisiti la boma. Ndalama yopanda lisiti si chindapusa, ndi ziphuphu, ndipo wopereka naye amakhala ndi mlandu.

Zimasintha ngati pachitika ngozi, munthu wavulala kapena wamwalira, kaya akukuimbani mlandu woyendetsa mosasamala kapena mutaledzera. Apa pali ndende, laisensi yanu ingalandidwe, ndipo zomwe mungavomere zidzakutsatani pa nkhani ya chipukuta misozi ndi a inshuwalansi. Musavomere kanthu musanaonane ndi loya. Ngati mulibe ndalama, pitani ku Legal Aid Bureau mukafotokoze, amathandiza osauka. Wapolisi akakuchitirani nkhanza, dandaulo limapita ku Independent Complaints Commission, ndipo nkhani ya ziphuphu ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu.